Ansembe awiri a ku Poland ndi mlandu wa Auschwitz

M'sabata ya Pasaka mu 1947, oyang'anira ndende ya m'tauni ya Wadowice, kumwera kwa dziko la Poland, anali kalikiliki kufunafuna wansembe wodziwa Chijeremani. Mkaidi wina amene khoti linagamula kuti anyongedwe anali atapempha kuti alape machimo ake asanafe. Pempho lotere silachilendo m'ndende, ndipo ansembe amaliyankha mosanyinyirika. Koma mkaidi ameneyu anali Rudolf Höss, munthu amene anakhazikitsa ndi kuyendetsa msasa wa Auschwitz, kumene chipani cha Nazi chinapha anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, mwa iwo Ayuda pafupifupi miliyoni imodzi. Msasawo uli makilomita pafupifupi 30 okha kuchokera ku Wadowice. Nkhondo inali itangotha zaka ziwiri m'mbuyomo, mabanja a m'deralo anali adakali pa chisoni, ndipo Mpingo wa Katolika wa ku Poland unali utataya ansembe oposa 1,500 m'manja mwa a Nazi omwewo.

Amene anavomera kupita anali Bambo Władysław Lohn, a m'chipani cha Ajezuiti, amene pa nthawiyo ankatumikira kunyumba ya asisitere ya ku Łagiewniki, mumzinda wa Kraków. Sikanali koyamba kuti awiriwa aonane. Asisitere a kumeneko amasimba kuti kumayambiriro kwa nkhondo, apolisi a Gestapo atagwira Ajezuiti anzawo, Bambo Lohn anapita okha ku Auschwitz kukawafuna, ndipo Höss, podabwa ndi kulimba mtima kwawo, anawalola kutuluka amoyo. Pa 10 Epulo 1947 anakumananso, koma ulendo uno womangidwa anali Höss. Anakhala limodzi maola angapo. Höss anabwerera mu Mpingo umene anausiya zaka 25 m'mbuyomo, analapa, ndipo wansembeyo anamupatsa chikhululukiro. M'mawa mwake analandira Ukaristia. Pa 16 Epulo anamutengera ku Auschwitz n'kumunyonga pafupi ndi ng'anjo yotenthera mitembo, chapafupi ndi nyumba imene ankakhalamo ndi mkazi wake ndi ana awo asanu.

Zimene zinanenedwa m'chipinda chija zinapita kumanda ndi wansembeyo, monga lamulo la Mpingo limafunira. Chotitsalira ife ndi funso lopweteka ngakhale kwa Mkhristu wokhwima: kodi munthu angaphe anthu miliyoni, n'kugwada masana amodzi, n'kudzuka ali wokhululukidwa? Tikati ayi, ndiye kuti pali malire amene magazi a Yesu safikapo, ndipo alaliki athu akhala akutinamiza Lamulungu lililonse. Tikati inde, tikawauza chiyani ana amene analowetsedwa m'zipinda za mpweya wapoizoni ali m'manja mwa amayi awo?

Höss sanali munthu wosadziwa za Mulungu. Anabadwira ku Baden-Baden, ku Germany, m'banja la Chikatolika lokhwimitsa mwambo, ndipo bambo ake anali atamupereka kuti adzakhale wansembe. M'buku la moyo wake, limene analemba ali m'ndende ku Kraków, anasimba kuti chikhulupiriro chake chinayamba kugwedezeka ali mnyamata. Akuti anavulaza mnzake kusukulu, anakalapa, ndiye wansembe amene anamva kulapako anakaziulula kwa bambo ake. Ndi nkhani yomvetsa chisoni, komanso ndi nkhani ya munthu wokonda kupeza womuloza chala, khalidwe limene limaonekera m'buku lonselo. Mu 1922 anatuluka mu Mpingo n'kulowa chipani cha Hitler. Chaka chotsatira anapha nawo mphunzitsi wina dzina lake Walther Kadow, ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 10, koma mu 1928 boma linakhululukira akaidi a ndale iye n'kutuluka nawo. Mu 1934 analowa gulu la SS, anaphunzira ntchito yake yoipayo ku misasa ya Dachau ndi Sachsenhausen, ndipo mu Meyi 1940 anamupatsa Auschwitz. Anachokako chakumapeto kwa 1943, koma mu Meyi 1944 anabwereranso kudzayang'anira ntchito imodzi. M'miyezi iwiri yokha, Ayuda oposa 400,000 a ku Hungary anatsitsidwa m'sitima pamenepo, ndipo ambiri a iwo anaphedwa tsiku lomwe anafikalo. Nkhondo itatha anabisala pa famu ina kufupi ndi Flensburg akudzitcha Franz Lang, mpaka asilikali a Britain anamugwira mu Marichi 1946.

Wakhumi pa mzere

Zaka 6 Bambo Lohn asanalowe m'ndende ya Wadowice, wansembe wina wa ku Poland anafera m'manja mwa anyamata a Höss yemweyo.

Bambo Maximilian Kolbe, a m'chipani cha Afransisko, anabadwa mu 1894. Chifuwa chachikulu chinkawavutitsa kuyambira ali achinyamata, koma sanali munthu wokhala pansi. Mu 1927 anakhazikitsa nyumba ya Niepokalanów kufupi ndi Warsaw, imene pofika 1939 inali ndi mabulaza ndi ansembe oposa 700, makina osindikizira mabuku, magazini ndi nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku. Mu 1930 anapita ku Nagasaki, ku Japan, kukayambitsa ntchito yomweyo, ndipo anabwerako mu 1936. A Gestapo anawagwira pa 17 Febuluwale 1941, anawasunga kundende ya Pawiak mumzinda wa Warsaw, kenako pa 28 Meyi anawatumiza ku Auschwitz. Kumeneko anawapatsa nambala 16670.

Chakumapeto kwa Julayi mkaidi mmodzi anasowa. Lamulo la msasawo linali lakuti mmodzi akathawa, khumi a m'nyumba yake afe ndi njala. Akaidi anaimitsidwa pa mzere padzuwa, ndipo wachiwiri wa Höss, Karl Fritzsch, anayamba kuyenda n'kumaloza chala. Mmodzi mwa olozedwawo, Franciszek Gajowniczek, sajeni wa asilikali a Poland, anayamba kulira akutchula mkazi wake ndi ana ake. Apo ndi pamene Bambo Kolbe anatuluka pa mzere, chinthu chimene pachokha chikanatha kuwaphetsa pompo, napempha kuti afe m'malo mwa munthuyo. Anafotokoza kuti iwo ndi wansembe wa Katolika, ndipo mnzawoyo ali ndi banja. Fritzsch anavomera. Kwa iye nambala inali nambala, bola zikwane khumi.

Anthu khumiwo anawavula n'kuwatsekera m'chipinda chapansi cha Buloko 11, opanda chakudya ngakhale madzi. Mkaidi wina, Bruno Borgowiec, amene ankagwira ntchito yomasulira ndi kulemba mayina a akufa kumeneko, anadzachitira umboni kuti m'chipinda chimene nthawi zonse munkamveka kukuwa ndi kutukwana, ulendo umenewu munkamveka mapemphero ndi nyimbo, wansembeyo akutsogolera. Mawu ankacheperachepera tsiku ndi tsiku. Patatha milungu iwiri anatsala anayi, Bambo Kolbe ali m'gulu lomwelo, ndipo poti chipindacho chinkafunika pa ntchito ina, pa 14 Ogasiti 1941 anawabaya jakisoni wa mankhwala akupha. Mtembo wawo unatenthedwa m'mawa mwake. Patangopita milungu itatu, m'zipinda zapansi zomwezo, a SS anayesa mpweya wa Zyklon B pa asilikali ogwidwa a Soviet Union pafupifupi 600 ndi akaidi odwala pafupifupi 250. Njira yophera anthu ochuluka nthawi imodzi, imene Höss anadzaikuza ku Birkenau, gawo lina la msasa wa Auschwitz, inayambira pamenepo.

Nkhani ya Bambo Kolbe imalalikika bwino. Papa Paulo VI anawatcha odala mu 1971, Papa Yohane Paulo II anawatcha oyera pa 10 Okutobala 1982, ndipo ngakhale Aangilikani anaika chosema chawo pakhomo la Westminster Abbey ku London mu 1998, pamodzi ndi cha Akibishopu Janani Luwum wa ku Uganda ndi cha mtsikana Manche Masemola wa ku South Africa. Mlaliki aliyense wofuna kufotokoza tanthauzo la kufa m'malo mwa wina amaipeza yokonzeka kale. (Sikuti Bambo Kolbe anali opanda banga. Nyuzipepala ya ku Niepokalanów inkasindikiza nkhani zina zonyoza Ayuda nkhondo isanayambe, ngakhale kuti nkhondo itabuka nyumba yomweyo inasunga anthu othawa kwawo, Ayuda ali pakati pawo. Woyerayo nayenso ankafunika chifundo.)

Koma tikaiyang'anitsitsa, nkhaniyi sikufika pa chimene Akhristu amanena za mtanda. Gajowniczek sanalakwe kanthu. Anali msilikali wogwidwa poteteza dziko lake, bambo wolirira ana ake, munthu amene aliyense wa mtima wabwino akanamumvera chisoni. Mtumwi Paulo, m'chaputala 5 cha kalata yake kwa Aroma, amavomereza kuti mwina angapezeke wolimba mtima wofera munthu wabwino, ndiye amati chodabwitsa cha Khristu n'chakuti anafera anthu ali adakali m'machimo awo, ali adani a Mulungu. Munthu amene anatulukadi m'ndende pa Lachisanu Loyera, Yesu n'kulowa m'malo mwake, anali Barabasi, wogwidwa pa chipolowe chimene chinaphetsa anthu. Choncho kuti chithunzi cha ku Auschwitz chifanane ndi uthenga wa Chipangano Chatsopano, tiyenera kuganiza Bambo Kolbe akutuluka pa mzere kukafa m'malo mwa Fritzsch, kapena m'malo mwa Höss. Mtima umakana. Ndipo ndi pomwepo pamene chiphunzitsocho chaima.

Mlandu suwola

Maganizo akuti tchimo limafuna nsembe Akhristu anawatenga kwa Ayuda. Chaputala 16 cha buku la Levitiko chimafotokoza za Tsiku la Chitetezo, limene Ayuda amalisungabe mpaka lero pa dzina lakuti Yom Kippur. Kamodzi pachaka, mkulu wa ansembe ankatenga atonde awiri. Mmodzi ankamupha n'kulowa ndi magazi ake ku Malo Opatulikitsa, kumene munthu wina aliyense sankaloledwa kupondako. Winayo ankamusanjika manja pamutu, n'kuulula zolakwa za mtundu wonse, kenako n'kumupirikitsira kuchipululu. Mlembi wa kalata ya kwa Aheberi anatenga mwambo umenewu n'kunena kuti kubwereza kwake chaka ndi chaka ndi umboni woti magazi a ziweto sankathetsa vutolo, ndipo Yesu, amene ali wansembe komanso nsembe, anadzipereka kamodzi kokha zonse n'kutheratu. Akhristu oyambirira ankawerenganso chaputala 53 cha Yesaya, chonena za mtumiki wosenza zolakwa za ena, n'kumaona Yesu mmenemo.

Nanga imfa ya munthu mmodzi imachotsa bwanji tchimo la wina? Pamenepa akatswiri a zaumulungu akhala akukangana kwa zaka mazanamazana. Anselm, Akibishopu wa ku Canterbury, anamaliza mu 1098 buku lake lotchedwa Cur Deus Homo, lofunsa chifukwa chimene Mulungu anasandukira munthu. Iye anati tchimo ndi ngongole. Mulungu akangoinyalanyaza, ndiye kuti chabwino ndi choipa n'chimodzimodzi pamaso pake. Woyenera kubweza ndi munthu, koma munthu alibe chobwezera. Amene ali nacho ndi Mulungu, koma si iye wangongole. Motero panafunika wina amene ali Mulungu komanso munthu.

Kwa ife maganizo amenewa siachilendo kwenikweni. Pabwalo la mfumu, mnyamata akapalamula, sikokwanira kuti angonena kuti pepani. Pamafunika mbuzi kapena nkhuku, chifukwa mlandu suwola. Ndipo mnyamatayo akakhala wopanda kalikonse, amene amamasula mbuzi m'khola mwake ndi mwinimbumba, malume ake, amene sanalakwe kanthu koma sangakane magazi ake. Mudzi wonse umaona kuti cholakwacho chinali cholakwa ndithu, poti chadya mbuzi. Umaonanso kuti mnyamatayo sanatayidwe. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mtanda, wolakwiridwa ndi wolipira ndi mmodzi yemweyo.

Mfundo yomalizayi ndi imene imasokonekera kawirikawiri pa guwa. Peter Abelard, amene anaphunzitsa ku Paris zaka zochepa pambuyo pa Anselm, anafunsa kuti zingatheke bwanji Mulungu kukondwera ndi imfa ya Mwana wake wosalakwa, ndipo anati mtanda umapulumutsa poonetsa chikondi chimene chimasungunula mtima wouma. John Calvin, amene chiphunzitso chake chinafika kwathu kudzera mwa amishoni a Livingstonia, Blantyre ndi Nkhoma, anatsindika zoti Khristu anasenza chilango chimene chinali chathu. Mu 1931 buku la Gustaf Aulén wa ku Sweden, Christus Victor, linakumbutsa anthu kuti Akhristu akale kwambiri ankaona mtanda ngati nkhondo imene Khristu anagonjetsa tchimo, imfa ndi Satana. Aliyense wa iwo anagwira mbali ina ya choona. Chimene palibe mmodzi wa iwo anaphunzitsa, koma chimamveka m'maulaliki ambiri, ndi chithunzi cha Atate aukali ofuna magazi ndi Mwana wachifundo wowatonthoza, ngati kuti kumwamba kuli mabanja awiri. Paulo akuti Mulungu mwiniwake ndiye anali mwa Khristu kuyanjanitsa dziko. Chifundo ndiye chinayamba, nsembe n'kutsatira.

Zikatero, mtanda umanena zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo zonse n'zosakoma kumva. Umanena kuti tchimo ndi lalikulu moti linadya moyo wa Mwana wa Mulungu, choncho palibe chimene chakwiriridwa. Umanenanso kuti poti malipiro ake ndi otere, palibe tchimo limene lingapose malipirowo. Wansembe wokhulupirira zimenezi analibe chifukwa chokanira kupita ku Wadowice. Akanakana, akanakhala akunena kuti zochita za Höss n'zolemera kuposa imfa ya Khristu.

Ndani ali ndi ufulu wokhululuka?

Komabe amene amakhumudwa ndi nkhaniyi ali ndi mfundo zolimba, ndipo Mkhristu wozithamangira kuziyankha ndiye kuti sanazimve.

Simon Wiesenthal, Myuda amene anapulumuka m'misasa ya a Nazi n'kudzathera moyo wake kusaka zigawenga zankhondo, anasimba m'buku lake The Sunflower kuti tsiku lina ali mkaidi ku Lwów anamuitanira pa bedi la msilikali wa SS amene anali pafupi kufa. Msilikaliyo anaulula kuti anatentha nawo nyumba yodzaza ndi Ayuda, akuwombera amene ankadumpha pa mawindo, ndipo ankafuna Myuda aliyense amukhululukire. Wiesenthal anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatuluka osanena kanthu. Ambiri mwa Ayuda amene anayankha funso limene anafunsa m'bukumo, lakuti kodi analakwa pokhala chete, anati sanalakwe, ndipo chifukwa chawo n'chakale kwambiri. Mishnah, buku la malamulo a arabi, limaphunzitsa kuti Tsiku la Chitetezo limafafaniza zolakwa za munthu kwa Mulungu, koma zolakwa za munthu kwa mnzake silizifafaniza mpaka wolakwayo atakapepesa kwa mnzakeyo. Tsono wophedwa ungamupepese bwanji? Amene akanakhululukira Höss ndi omwe aja anawasandutsa phulusa.

Ndiye pali kulapa kwa Höss mwiniwakeyo. M'buku lake lija, limene anamaliza miyezi iwiri asananyongedwe, anavomera kuti kupha Ayuda kunali kulakwa, koma chifukwa chimene anapereka chimanyansa: akuti kunadanitsa Germany ndi dziko lonse, ndipo sikunathandize ntchito yolimbana ndi Ayuda. Pa 12 Epulo, atalapa kale, analemba kalata kwa woimira boma pa milandu. Mmenemo anavomera kuti anachimwira anthu kwambiri, anapempha Mulungu kuti adzamukhululukire, anapepesa kwa anthu a ku Poland, ndipo anati m'ndende za ku Poland ndi mmene anadziwira umunthu, poti alonda amene akanatha kumubwezera ankamusamala. Mawuwo ndi osiyana kwambiri ndi a m'bukumo, ndipo zikuoneka kuti china chake chinasweka mwa iye. Koma Ayuda, amene anali 9 mwa anthu 10 aliwonse ophedwa ku Auschwitz, sanawatchule m'kalatamo. Wansembe wa ku Germany, Manfred Deselaers, amene anasamukira ku Oświęcim, tauni ya msasa wa Auschwitz, mu 1990, analemba buku lonse pofufuza chikumbumtima cha munthu ameneyu, ndipo kufufuza kotero kukufunikadi, chifukwa kulapa kwake kunali ndi mabowo oonekeratu.

Dietrich Bonhoeffer, m'busa wa Lutheran amene a Nazi anamunyonga ku Flossenbürg pa 9 Epulo 1945, anali atachenjeza kale mu 1937 za chisomo chotsika mtengo, chimene chimalalika chikhululukiro popanda kulapa ndi mgonero popanda kuulula. Matenda amenewo sali ku Germany kokha. Timawaona munthu akadya ndalama za mankhwala kapena kulanda munda wa ana amasiye, kenako n'kuima kutsogolo kwa tchalitchi kuchitira umboni kuti Yesu anamusambitsa, ndalamazo zili m'thumba, mundawo akulimabe. Mpingo n'kuwomba m'manja. Zakeyu atakumana ndi Yesu analankhula za kubweza kanayi zimene analanda, ndipo Yesu mwini anaphunzitsa kuti wokumbukira paguwa kuti mbale wake ali naye chifukwa asiye kaye chopereka chake akayanjane naye. Pamenepa Uthenga Wabwino ndi Mishnah sizikutalikirana monga ena amaganizira.

Kuona kwanga n'kwakuti Bambo Lohn anachita bwino, ndipo chimene chikuwalungamitsa ndi zimene sanachite. Sanapemphe kuti chigamulo cha khoti chisinthidwe. Sanatuluke kukauza amasiye a ku Kraków kuti nkhani yatha, iwalani. Sanalankhule m'malo mwa akufa, ndipo Mpingo sunanenepo kuti Höss ali kumwamba. Chikhululukiro cha m'sakramenti chimadalira kulapa koona, ndipo woyeza mtima ndi Mulungu, si wansembe. Chimene iwo anachita ndi kukana kutseka khomo limene si iwo analitsegula. Khoti la ku Warsaw linagwira ntchito yake kuyambira pa 11 Marichi mpaka pa chigamulo cha pa 2 Epulo, ndipo chingwe chinagwira yake. Ngakhale chigawenga chimene chinapachikidwa pambali pa Yesu, chimene Luka akuti chinalonjezedwa Paradizo, chinayamba chavomera kuti chilango chake chinali choyenera, ndipo sichinatsitsidwe pa mtandapo. Wiesenthal potuluka chete ndi Bambo Lohn polowa sakutsutsana. Woyambayo anakana kupereka chimene sichinali chake. Wachiwiriyo anakana kumana chimene sichinali chake.

Chimene chimatipweteka kwenikweni, ndikuganiza, si Höss ayi. N'chakuti chiphunzitsochi chimatiika pa mzere umodzi ndi iye. Sichinena kuti machimo onse ndi ofanana kukula, ndipo wonena zimenezo sanapiteko ku Birkenau. Chimanena kuti khomo lolowera ndi limodzi, ndipo palibe wolowa ndi chiphaso cha khalidwe lake labwino. M'fanizo la mwana wolowerera, amene anakana kulowa m'nyumba ya phwando ndi mwana wamkulu, wokhulupirika uja, ndipo madandaulo ake anali omveka. M'fanizo la aganyu a m'munda wamphesa, amene ananyinyirika ndi ogwira ntchito kuyambira m'mamawa. Ambiri a ife timawerenga mafanizo amenewa tikudziyesa mwana wobwerera kwawo, mpaka tsiku limene wobwererayo ndi munthu amene anatipweteka.

Nyumba ya ku Łagiewniki, kumene Bambo Lohn anachokera, ili ndi mbiri yakeyake. Ndi kumene anamwalirira Sisitere Faustina Kowalska pa 5 Okutobala 1938 ali ndi zaka 33, mayi wosapita patali ndi sukulu amene analemba m'makope ake kuti Yesu ankamuuza zoti wochimwitsitsa ndiye woyamba kuyenera chifundo. Ku Vatican anayamba aletsa kufalitsa mapemphero ake mu 1959, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1978, makamaka chifukwa cha khama la Akibishopu wa ku Kraków, Karol Wojtyła, mbadwa ya Wadowice yomweyo. Miyezi ingapo pambuyo pake iye anakhala Papa Yohane Paulo II, yemwe uja anadzacheza ku Malawi mu Meyi 1989. Mu 1980 analemba kalata yonena za Mulungu wolemera chifundo, Dives in Misericordia, ndipo pa 30 Epulo 2000 anatcha Faustina woyera n'kukhazikitsa Lamulungu lotsatira Pasaka kukhala la Chifundo cha Mulungu. Akatolika amene amasonkhana nthawi ya 3 koloko masana kupemphera korona ya Chifundo cha Mulungu, kupereka kwa Atate thupi ndi magazi a Khristu ngati chipepeso cha machimo a dziko lonse, akupemphera pemphero lobadwira m'dziko limene linaona Auschwitz. Mawu akuti dziko lonse aja amawatchula mofulumira, koma Höss ali momwemo.

Nanga munthu wowomboledwa amakhala bwanji? Gajowniczek anakhalabe ku Auschwitz zaka zina zitatu, ndipo mu Okutobala 1944 anamusamutsira ku Sachsenhausen. Atabwerera kwawo nkhondo itatha anapeza mkazi wake ali moyo, koma ana ake aamuna awiri, omwe aja anawalirira pa mzere, anali atafa ndi mabomba a asilikali a Soviet Union kumayambiriro kwa 1945. Iye mwini anadzasimba kuti sanapeze mpata wothokoza Bambo Kolbe ndi mawu, anangowayang'ana, ndipo kwa nthawi yaitali mtima unkamutsutsa kuti kupulumuka kwake ndi kumene kunapha wansembeyo. Mphatsoyo sanaipemphe, ndipo kubweza sakanatha. Pambuyo pake anafika povomereza kuti munthu ngati Bambo Kolbe sakanachitira mwina, ndipo anaona kuti ntchito imene yamutsalira ndi kusimba. Anakhazikika m'tauni ya Brzeg, anakaonekera ku Roma mu 1971 ndi mu 1982, ndipo anayenda m'mayiko a ku Ulaya ndi ku America akufotokoza nkhani yomweyo kwa aliyense womuitana, mpaka atakalamba kwambiri. Anamwalira pa 13 Marichi 1995 ali ndi zaka 93, patapita zaka zoposa 53 kuchokera tsiku limene Fritzsch anamuloza chala.